Khoma la bakiteriya: kamangidwe kake ndi mmene limakhudzira matenda ndi mankhwala

Bakiteriya ndi kachamoyo ka selo limodzi, kakang'ono zedi moti ambiri kutalika kwawo sikupitirira magawo awiri kapena atatu mwa magawo 1,000 a milimita. M'kati mwa selolo muli madzi odzaza ndi mchere, shuga, mapuloteni ndi DNA, ndipo zonsezi zimakutidwa ndi nembanemba yopyapyala ya mafuta. Nembanembayi imasankha zolowa ndi zotuluka, koma ndi yofewa. Popeza m'kati muli zosungunuka zambiri kuposa kunja, madzi amangolowa okha, selo n'kumafufuma. Pakanapanda chotchinga, bakiteriya wogwera m'madzi a pachitsime kapena a mvula akanaphulika nthawi yomweyo. Chotchingacho ndi khoma lolimba lokuta nembanemba kunja kwake. Ziwirizi zimadalirana ngati chubu ndi tayala la njinga: chubu chimasunga mpweya, koma chikapopedwa pachokha chimatupa mpaka kuphulika, ndipo tayala ndilo limapirira mphamvu ya mpweyawo. M'mabakiteriya ena mphamvu yokankha khoma kuchokera m'kati imaposa kangapo ya m'tayala la galimoto.

Maziko a khomali ndi chinthu chotchedwa peptidoglycan. Zomera nazo zili ndi makoma pa maselo awo, koma ndi a cellulose, ndipo a bowa ndi a chitin. Maselo a munthu ndi a nyama alibe khoma n'komwe. Kusiyana kumeneku n'kofunika kwambiri pa zachipatala, chifukwa mankhwala owononga peptidoglycan amapeza pogwira mwa bakiteriya koma sapeza pogwira m'maselo a wodwala.

Peptidoglycan amapangidwa ndi mitundu iwiri ya shuga, N-acetylglucosamine ndi N-acetylmuramic acid, imene akatswiri amaifupikitsa kuti NAG ndi NAM. Iwiriyi imalumikizana mosinthanasinthana, NAG, NAM, NAG, NAM, mpaka kupanga maunyolo ataliatali. Pa NAM aliyense pamalendewera kanthambi kakafupi ka ma amino acid, kamene kamakhala ndi asanu pamene kangopangidwa kumene. Kanthambi ka unyolo wina kamagwirana ndi ka unyolo woyandikana nawo, ndipo zikatero maunyolo onse amasanduka ukonde umodzi wozungulira selo lonse. Mwa Escherichia coli timanthambi timagwirana mwachindunji, pamene mwa Staphylococcus aureus pakati pake pamalowa ma glycine asanu olumikiza. Akatswiri akachotsa zonse za m'kati n'kusiya ukondewu wokha, umasungabe maonekedwe a mwini wake. Choncho khoma ndilo limachititsa kuti mabakiteriya ena akhale obulungira, ena otalika, ena okhota monga Vibrio cholerae wa kolera, ena opindikapindika monga Helicobacter pylori amene amayambitsa zilonda za m'mimba.

Ma amino acid a m'timanthambiti ali ndi chachilendo chawo. Pafupifupi amino acid aliyense amapezeka m'mitundu iwiri yofanana koma yotembenuzana, wina wotchedwa L, wina D. Mapuloteni a zamoyo amamangidwa ndi a L. M'khoma la bakiteriya muli a D, monga D-glutamate ndi D-alanine, ndipo kanthambi katsopano kalikonse kamathera ndi ma D-alanine awiri otsatizana. Maenzaimu ambiri ogaya mapuloteni sadula pamene pali a D, motero khomali siligayika wamba. Ma D-alanine awiri a kumapetowo ndi pamenenso pagona mphamvu ya mankhwala ena otchuka.

Kukhala m'khoma lolimba kuli ndi vuto lake. Bakiteriya ayenera kukula ndi kugawikana, ena mphindi 20 zilizonse zinthu zikawayendera bwino, koma asasiye mpata woti aphulikirepo. Zidutswa zatsopano za NAG ndi NAM, pamodzi ndi kanthambi kake, zimapangidwa m'kati mwa selo. Kenako zimanyamulidwa ndi mafuta otchedwa bactoprenol, amene amaziwolotsa nembanemba n'kukazitula kunja. Kunjako kuli magulu awiri a maenzaimu: ena amadula ukonde wakale kuti papezeke malo, ena amalowetsapo zidutswa zatsopano ndi kulumikiza timanthambi. Olumikizawa amadula D-alanine womaliza, ndipo mphamvu yochokera pa kudulako ndi imene amalumikizira. Ntchito ya odula ndi ya olumikiza iyenera kuyendera limodzi. Odula akapitirira pamene olumikiza aima, khoma limang'ambika ndipo bakiteriya amafa ndi madzi ake omwe.

Makoma a mabakiteriya sali ofanana, ndipo njira yowasiyanitsira inapezeka anthu asanadziwe n'komwe zimene zili m'khomamo. Mu 1884 dokotala wa ku Denmark, Hans Christian Gram, ankagwira ntchito ku Berlin, kufunafuna njira yoonera mabakiteriya m'mapapo a anthu omwalira ndi chibayo. Anathira utoto wapepo, kenako ayodini, kenako n'kutsuka ndi sipiriti. Mabakiteriya ena anasunga utotowo, ena unawachoka. Pambuyo pake anthu anayamba kuwonjezera utoto wachiwiri wofiira, safranin, kuti osukulukawo aoneke. Osunga utoto wapepo amatchedwa Gram-positive, ofiira amatchedwa Gram-negative. Chifukwa chake chinamveka patapita zaka zambiri, makoma atapimidwa ndi maikulosikopu ya mphamvu yogwiritsa ntchito ma electron. Pa khoma lochindikala, sipiriti amaumitsa ukonde, timabowo take n'kuchepa, utoto n'kutsekeredwa m'kati. Pa khoma lopyapyala, sipiriti amasungunula mafuta a kunja ndipo utoto umatuluka. Pali njira zochepa m'labotale zimene zathandiza odwala kwa nthawi yaitali chonchi pa mtengo wotsika chonchi. Ndi kagalasi, mitundu iwiri ya utoto ndi mphindi zochepa, wa mu labotale amatha kuuza dokotala ngati zimene zili m'mafinya kapena m'madzi a mumsana wa mwana wodwala matenda oumitsa khosi zili za gulu ili kapena ilo, ndipo mankhwala oyenera amayambika zotsatira zina zisanatuluke.

Mabakiteriya a Gram-positive ali ndi peptidoglycan wosanjikizana kambirimbiri, wochindikala pakati pa mananomita 20 ndi 80, nanomita kukhala gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a milimita. Mu ukondewo mumadutsa maunyolo ena otchedwa teichoic acid, amene anafotokozedwa ndi James Baddiley wa ku Britain ndi anzake mu 1958. Ena amamangirira pa peptidoglycan, ena mizu yawo ili mu nembanemba. Amakoka mchere wofunika monga magnesium, amaongolera maenzaimu odula khoma, ndiponso amathandiza bakiteriya kumata pa khungu ndi m'mphuno mwa munthu. M'gululi muli Staphylococcus aureus wa zithupsa ndi mafinya, Streptococcus pneumoniae wa chibayo, ndi Clostridium tetani wa kafumbata. Mulinso mabakiteriya othandiza, monga amene amasasitsa mkaka kuti ukhale chambiko.

A Gram-negative anamanga mosiyana. Peptidoglycan wawo ndi wopyapyala, mananomita owerengeka chabe, koma kunja kwake kuli nembanemba yachiwiri. Pakati pa nembanemba ziwirizo pali mpata wotchedwa periplasm, mmene mumakhala peptidoglycan ndi maenzaimu osiyanasiyana. Nembanemba ya kunja imamangiriridwa pa peptidoglycan ndi puloteni imene Volkmar Braun anaifotokoza mu 1969. Chakudya chimalowa kudzera m'timabowo ta mapuloteni otchedwa porin, amene amalola tinthu ting'onoting'ono tosungunuka m'madzi koma kukaniza tikulutikulu. N'chifukwa chake mabakiteriya ambiri a m'matumbo, monga E. coli, Salmonella wa taifodi ndi Shigella wa kamwazi, amapirira ndulu imene imawononga mabakiteriya ena. N'chifukwa chakenso kupeza mankhwala atsopano olimbana ndi gululi kwakhala kovuta kwa zaka zambiri: mankhwala ambiri amene angaphe bakiteriya atalowa m'kati amalephera kudutsa nembanemba ya kunjayo.

Pamwamba pa nembanemba imeneyi pali chinthu chotchedwa lipopolysaccharide, mwachidule LPS, ndipo chili ndi zigawo zitatu. Pansi pali lipid A, mafuta amene amazika chonsecho mu nembanemba. Pakati pali kaunyolo kakafupi ka shuga. Kunja kuli unyolo wautali wa shuga wotchedwa O antigen. Lipid A ndi amene Richard Pfeiffer, wophunzira wa Robert Koch, anakumana naye mu 1892 pofufuza kolera, ataona kuti mabakiteriya ophedwa ndi kutentha anali ndi poizoni ndithu. Poizoniyo anamutcha endotoxin. Maselo a chitetezo cha m'thupi ali ndi puloteni yotchedwa TLR4 imene imazindikira lipid A, ndipo Bruce Beutler, amene anatulukira zimenezi mu 1998, analandira nawo mphoto ya Nobel mu 2011. Lipid A akakhala wochepa, chitetezo chimadzuka, thupi limatentha, ndipo matenda amagonjetsedwa. Akachuluka m'magazi, chitetezo chomwecho chimapyola malire: mitsempha imatakasuka, magazi amasiya kuthamanga bwino, impso ndi ziwalo zina zimafooka. Umu ndi mmene matenda a m'magazi otchedwa sepsis amaphera ana akhanda ndi amayi ongobereka kumene, ndipo n'chifukwa chake wodwala wotere amafunika madzi a diripi ndi chisamaliro chapafupi kuwonjezera pa mankhwala opha mabakiteriya. Endotoxin satha ndi kuwiritsa wamba, choncho opanga madzi a diripi ndi mankhwala a jakisoni amayeza padera ngati mulibe poizoniyu, ngakhale mabakiteriya onse atafa kale.

O antigen ndi amene amasiyanitsa mitundu ya bakiteriya mmodzi yemweyo. Vibrio cholerae ali ndi mitundu yoposa 200 potengera unyolo umenewu, koma iwiri yokha, O1 ndi O139, ndiyo imabuka ngati mliri. O139 anaonekera mu 1992 ku India ndi ku Bangladesh, ndipo anadwalitsa akuluakulu amene matupi awo ankamudziwa kale O1, chifukwa shuga wa pamwamba pake anali wachilendo. Mliri umene unayamba ku Malawi mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 unali wa O1. Komabe kutsegula m'mimba kwa kolera sikuchokera ku khoma, kumachokera ku poizoni wina, puloteni imene bakiteriyayo amatulutsa ali m'matumbo.

Pali gulu lachitatu limene utoto wa Gram suligwira bwino, ndipo ndi lofunika kwambiri kuno kum'mwera kwa Africa. Mycobacterium tuberculosis, amene Koch anamulengeza pa 24 Marichi 1882 kuti ndiye woyambitsa chifuwa chachikulu, ali ndi khoma la zigawo zitatu zomangirirana. Pansi pali peptidoglycan, pamwamba pake pali unyolo wa shuga wotchedwa arabinogalactan, ndipo pamwamba penipeni pali mafuta aphula otchedwa mycolic acid, amene unyolo wake umakhala ndi ma carbon pakati pa 60 ndi 90. Phula limeneli limateteza bakiteriyayu ku kuuma ndi ku mankhwala ambiri otsukira, ndipo limamuthandiza kukhalabe moyo m'kati mwa maselo a chitetezo amene amamumeza kuti amuphe. Limachedwetsanso kulowa kwa chakudya, chimene ndi chimodzi mwa zifukwa zomuchititsa kugawikana kamodzi pa maola 15 mpaka 20. Kumumeretsa m'labotale kumatenga masabata, ndipo mankhwala ake amamwedwa miyezi isanu ndi umodzi. Mycobacterium leprae wa khate ali ndi khoma lofanana nalo.

Njira yakale yoyezera makhololo imadalira phulali. Pa njira ya Ziehl ndi Neelsen, ya m'zaka za m'ma 1880, utoto wofiira umalowetsedwa potenthetsa kagalasi, ndipo ukalowa sutulukanso ngakhale atatsuka ndi asidi. Pa mankhwala anayi oyambirira a chifuwa chachikulu, awiri amalimbana ndi khoma: isoniazid amaletsa kupangidwa kwa mycolic acid, ethambutol amaletsa arabinogalactan. Chidutswa china cha khomali, lipoarabinomannan kapena LAM, chimatulukira mu mkodzo wa anthu amene chitetezo chawo chatsika kwambiri ndi HIV. Kafukufuku wotchedwa STAMP, amene anachitikira pa chipatala chachikulu cha Zomba ndi cha Edendale ku South Africa n'kusindikizidwa mu 2018, anasonyeza kuti kuyeza mkodzo kumapeza odwala ambiri amene makhololo okha akanawaphonya. Kwa wodwala wofooka amene sangathe n'komwe kutulutsa makhololo, njira imeneyi ndi thandizo lalikulu.

Mabakiteriya ena amawonjezera chikuto choterera cha shuga kunja kwa khoma, chotchedwa capsule, chimene chimalepheretsa maselo a chitetezo kuwagwira. Streptococcus pneumoniae ali ndi mitundu yoposa 90 ya chikutochi. Katemera wa chibayo wa PCV13, amene Malawi inayamba kupereka kwa ana mu Novembala 2011, ali ndi shuga wa mitundu 13 mwa imeneyi. Katemera wa taifodi, amene anayesedwa pa ana pafupifupi 28,000 ku Ndirande ndi ku Zingwangwa ndipo anaperekedwa dziko lonse mu 2023, anapangidwanso kuchokera ku chikuto cha Salmonella Typhi chotchedwa Vi.

Thupi la munthu nalonso lili ndi chida cholimbana ndi peptidoglycan. M'misozi, m'malovu, m'mamina ndi m'mkaka wa m'mawere muli enzaimu yotchedwa lysozyme, imene imadula unyolo pakati pa NAM ndi NAG. Alexander Fleming anaifotokoza mu 1922, atayesa mamina ake omwe pamene anali ndi chimfine. Imagwira kwambiri a Gram-positive, amene peptidoglycan wawo ali poyera, ngakhale kuti Staphylococcus aureus amasinthako pang'ono NAM wake kuti enzaimuyi isamudule. Fleming yemweyo ndiye anaona penisilini mu 1928 pa chipatala cha St Mary's ku London, ndipo Howard Florey ndi Ernst Chain anamusandutsa mankhwala ku Oxford kuyambira mu 1940. Atatuwa analandira mphoto ya Nobel mu 1945, anthu asanadziwe mmene penisilini amagwirira ntchito. Mu 1965 Donald Tipper ndi Jack Strominger anafotokoza kuti maonekedwe a penisilini amafanana ndi ma D-alanine awiri a kumapeto kwa kanthambi. Enzaimu yolumikiza imamugwira poyesa kuti ndi kanthambi, ndipo iye amaikanirira osachokanso. Kulumikiza kumaima, kudula kumapitirira, bakiteriya n'kuphulika. Pachifukwa chimenechi penisilini amapha mabakiteriya amene akukula, ndipo ongokhala osagawikana amapulumuka. Amoxicillin, ceftriaxone, meropenem ndi jakisoni wa benzathine penicillin wochiza chindoko onse amagwira mwanjira imeneyi. Vancomycin amatsata njira ina: amaphimba ma D-alanine awiriwo kuti enzaimu isawafikire. Koma ndi wamkulu kwambiri moti sadutsa pa porin, choncho sagwira a Gram-negative. Colistin amagwira lipid A n'kuphwasula nembanemba ya kunja, ndipo amasungidwira matenda amene akana mankhwala ena onse chifukwa amatha kuwononga impso.

Kusamva mankhwala nakonso kwenikweni kumachitikira pa khoma. Mu 1940, penisilini asanafike n'komwe kwa odwala ambiri, Edward Abraham ndi Chain anapeza kale enzaimu ya bakiteriya imene imamuphwanya. Maenzaimu otere, otchedwa beta-lactamase, a Gram-negative amawasunga mu periplasm, pamene mankhwala ayenera kudutsa. Staphylococcus aureus wosamva methicillin, wodziwika kuti MRSA, anapezeka ku England mu 1961, ndipo iye ali ndi enzaimu yolumikiza yatsopano imene penisilini ndi abale ake ambiri saigwira bwino. Mabakiteriya ena a Enterococcus anasintha D-alanine womaliza kukhala D-lactate, vancomycin n'kusowa pogwira. Ena amachepetsa ma porin, ena amasintha lipid A. Zimenezi zafika kale m'mawodi a kuno. Kafukufuku wa bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome pa magazi a odwala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wa zaka za 1998 mpaka 2016, anapeza kuti pofika 2016 pafupifupi Klebsiella 9 mwa 10 ndi E. coli 3 mwa 10 sankamva mankhwala a gulu la ceftriaxone, pamene mu 2003 E. coli otere sankakwana mmodzi mwa 100. Chodetsa nkhawa n'chakuti ceftriaxone ndi amene zipatala zambiri zimadalira pa matenda oopsa a m'magazi. Makapisozi a amoxicillin ogulidwa pa golosale chifukwa cha chimfine amakulitsa vutoli popanda phindu lililonse: chimfine chimayamba ndi mavairasi, amene alibe peptidoglycan, ndipo mankhwalawo amangopha mabakiteriya omva a m'matumbo ndi pakhosi, n'kusiyira malo osamvawo.

Pali mabakiteriya ochepa amene alibe khoma. Mycoplasma amangokhala ndi nembanemba, imene ambiri amailimbitsa ndi cholesterol wotengedwa m'thupi limene akukhalamo. Popeza alibe ukonde wowaumba, maonekedwe awo amasinthasintha, utoto wa Gram suwaonetsa, ndipo penisilini sawakhudza. Mycoplasma pneumoniae amayambitsa chibayo chimene chimafuna mankhwala ena monga azithromycin kapena doxycycline, ndipo Mycoplasma mycoides ndiye woyambitsa matenda a m'mapapo a ng'ombe amene avutitsa alimi a ziweto kumadzulo kwa Zambia. Mabakiteriya ena okhala ndi khoma amatha kulitaya kwa kanthawi n'kumakhalabe moyo pamalo pamene mchere kapena shuga wachuluka mokwanira kuti madzi asawalowe mopyola. Emmy Klieneberger anafotokoza mabakiteriya otere mu 1935 ku Lister Institute ku London. Palinso tizamoyo totchedwa Archaea, timene pa maikulosikopu timaoneka ngati mabakiteriya koma Carl Woese anasonyeza mu 1977 kuti ndi gulu lapadera. Tilibe peptidoglycan: tambiri timakutidwa ndi mapuloteni oyalidwa mwadongosolo, ndipo tina mwa timene timapanga mpweya wa methane m'chifu cha ng'ombe tili ndi khoma la pseudomurein, limene lilibe NAM kapena ma amino acid a D, motero lysozyme ndi penisilini sizilikhudza.